Pemphero Lopanda Adiresi

Pa mdadada wa nyumba zisanu ndi ziwiri za lendi, zomwera mpopi umodzi, khonde loyang'ana kumsewu linali limodzi lokha, ndipo linali la a Telala. Mayi wamasiye ameneyu anali atapalasa makina pakhondepo zaka zisanu ndi zinayi. Odutsa ankaona madiresi atapachikidwa pachingwe n'kupatuka okha. Khondelo ndilo linali munda wawo, ndipo ana awo awiri ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha ilo.

Eni mdadadawo anali mayi wina wathupi, mtsogoleri wa kagulu ka mapemphero kokumana Lachitatu lililonse masana. Pamaso anthu ankawatchula kuti Mayi a nyumba, kuseri ankati a Mkuzamawu. Kupemphera ankakudziwa, tisawanamizire. Kukagwa zovuta ankafika oyamba, Baibulo lili kukhwapa. Vuto linali lakuti pemphero lawo linkatulukira pawindo. Akagwada m'nyumba ya munthu, ankamufotokozera Mulungu zonse ngati kuti Mulunguyo ndi mlendo wofika dzulo: dzina la mwamuna, dzina la mkazi wachibwenziyo, tsiku limene anagwidwa, ngakhale mtundu wa diresi limene anavala. Pofika pa ameni, amayi ochapa pampopi amakhala atamva mutu ndi mchira womwe. Eni akewo ankati pemphero lopanda adiresi limasochera.

Kunyumba ya kumapeto kunkakhala mtsikana wofatsa, mkazi wa dalaivala wa mathiraki, amene aliyense ankamutchula kuti amake mapasa. Mwamuna wake anali asanaoneke miyezi itatu. Akafunsidwa ankangoti bambo ali paulendo wautali, ndipo mapasawo ankadziwa zomwezo. Zoona zake ankazidziwa a Telala okha: dalaivalayo anali kundende, atapezeka ndi katundu wosaloledwa m'thiraki. Mtsikanayo anaulula yekha tsiku lina atabweretsa mayunifomu a ana kuti awatsitse mpendero, ndipo chimene anapempha chinali chimodzi, chakuti ana ake asadzamvere nkhani ya bambo awo pampopi.

Kuyambira pamenepo, masana alionse ankabwera kudzakhala pabenchi la makasitomala. A Telala ankamupatsa mabatani kuti aziika, manja asakhale chabe. Misozi ikabwera, iwo ankapalasa makina mwamphamvu kuti phokoso liphimbe. Akaona kuti mtima watsika, ankamugwira dzanja n'kupemphera mawu ochepa, otsika, oti ngakhale nkhuku yodutsa sikanawatola.

Koma mphuno ya a Mkuzamawu sinkaphonya fungo. Tsiku lina anafika pakhonde ndi siketi yoti aiwonjezere m'chiuno. Anayamba ndi kudandaula za kutentha, kenako za kukwera mtengo kwa nsalu, mpaka anafika pamene ankapita. Anati aona maso a amake mapasa ndi ofiira masiku onse, ndipo gulu lakonza zokamupempherera Lachitatu. Chimene chinkasowa ndi mutu wa nkhani basi, kuti pemphero lipite molunjika.

A Telala anachotsa mapini amene anali pakamwa, imodziimodzi, n'kuwabaya pakhushoni.

"Mayi, kapemphereni. Mungoti, Ambuye muthandizeni mwana wanu. Zakwana."

"Kumuthandiza pa chiyani? Pemphero lopanda adiresi limasochera, a Telala."

"Mulungu amene anawerenga tsitsi la m'mutu mwathu sangasochere pa nyumba seveni. Zimene mwana uja anandiuza, anandiuza ine."

A Mkuzamawu anali asanayankhidwepo chotero, makamaka ndi munthu wogona pansi pa malata awo. Anatola siketi yawo osaiyezetsa n'komwe. Anati m'nyumba zawo simukhala anthu otsekereza ntchito ya Mulungu, ndipo mwana wa mchemwali wawo wakhala akufuna malo otsegulapo saluni. Mwezi ukatha, nyumba ndi khonde lomwe azipeze zopanda munthu.

Nkhani inathamanga mdadada wonse madzi a pampopi asanadzaze ndowa. Amayi a m'gulu anabwera awiriawiri kudzawanyengerera a Telala kuti akapepese. Ankati chinsinsi cha mwini sichidyetsa ana, ndipo munthu sulimbana ndi mwini denga nyengo ya mvula ili pafupi. Ngakhale amake mapasa anabwera, nati bola angoulula, chifukwa sangapirire kuona ana amasiye akuvutika chifukwa cha iye.

"Ukaulula wekha ndi zako," anatero a Telala. "Koma zisatulukire pakamwa panga, ndiponso usaulule chifukwa cha khonde. Bwera, mabatani awa akudikira."

Kunena zoona, a Telala mantha anali nawo. Ankati akayang'ana makinawo mtima unkawawa, chifukwa ankadziwa kuti kasitomala amatsata njira, satsata munthu. Anayenda masiku anayi kufunafuna malo, ndipo chimene anapeza ndi kachipinda kuseri kwa golosale, koyang'anizana ndi mpanda wa njerwa, kumene kumadutsa mbuzi zokha. Anavomera komweko. Liuma lawo linali lotero: akaponda, apondadi.

Lachitatu gulu linapitadi kwa amake mapasa, koma pemphero lake linali lowonda. A Mkuzamawu anayesa kuponya mbedza, kutchula amuna osochera m'maulendo ndi akazi a m'malo ogona alendo, koma mtsikanayo anangoti ameni n'kuwathokoza chifukwa chobwera. Ochapa pampopi anabwerera kwawo ndi makutu opanda kanthu.

Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, dzuwa lili pamutu, a Telala anali kulongedza zidutswa za nsalu m'katoni pamene Mayi a nyumba anatulukira. Baibulo analibe. Nkhope inali itagwa ngati ya munthu amene sanalawe kanthu chidzukire. Anakhala pabenchi osauzidwa, n'kuyang'ana uku ndi uku, ndipo polankhula mawu awo anali aang'ono moti a Telala anachita kusendera pafupi.

Anati za kusamuka zija aziiwale. Akhale, ngakhale zaka zina khumi, saluni ikapeze kwina. A Telala anadabwa, nafunsa chimene chasintha.

"Musandizunze, a Telala. Ndikudziwa kuti wakuuzani."

"Wandiuza ndani? Chiyani?"

"Amake mapasa. Dzulo pamzere wa oona akaidi paja tinaonana maso ndi maso, iye ndi kontena yake ya chakudya, ine ndi yanga. Mwana wanga woyamba, uja ndimauza anthu kuti ali kukoleji, ali m'kati sabata yachiwiri tsopano. Anavulaza munthu kumowa. Gulu likamva, ine ndatha. Ndimawadziwa amayi aja mmene amapempherera, ndinawaphunzitsa ndine."

A Telala anaika pansi katoniyo. Amake mapasa anali atakhala pabenchi lomwelo m'mawa wonse, akuika mabatani ndi kukamba za chifuwa cha mwana. Za mzere wa kundende sanatchuleko ngakhale liwu limodzi.

"Mayi, amake mapasa sanandiuze kanthu. Nkhaniyi ndaimva tsopano lino, pakamwa panu."

A Mkuzamawu anazindikira kuti adziulula okha. Chinsinsi chimene anathamangitsira munthu pakhomo anali atachidziwira pamzere wa kundende uja, ndipo chinalibe kukoma kulikonse, chifukwa chinali chofanana ndi chawo. Anaphimba nkhope ndi mpango n'kuyamba kulira. Pakati pa kusisima anabwereza kuti khonde ndi la a Telala, bola nkhaniyi ithere pomwepo.

Apa mpamene a Telala anapsa mtima kwenikweni, kuposa tsiku lija anauzidwa zosamuka.

"Khonde lanu tengani. Pakamwa panga si nyumba ya lendi yoti mulipire kuti patsekeke. Za amake mapasa ndinasunga ulere, zanunso ndisunga ulere. Kumene ndikupitako ndinapereka kale mawu, ndipo mawu anga sindibweza."

Koma mkwiyo wawo sunali woti n'kusiya mayi mnzawo akulira pamsewu, pakuti ululu wa mwana ankaudziwa. Anawagwira pamkono n'kuwadzutsa, nawauza kuti alowe m'nyumba anthu asanayambe kusuzumira. M'katimo, pakati pa makatoni, mayi amene anagwedeza malata a nyumba zonse zisanu ndi ziwiri ndi mapemphero ake anagwada pasimenti, nagwira manja a munthu amene anamuthamangitsa.

"Ndipempherereni, a Telala," ananong'ona. "Koma motsitsa."

A Telala anapemphera motsitsa. Mwezi utatha anakweza makina awo pawilibala n'kupita kuseri kwa golosale, mutu uli m'mwamba, atasenza zinsinsi ziwiri zimene palibe anazimva kwa iwo mpaka lero. Mayi a nyumba anatsala ndi khonde lawo, ndiponso ndi phunziro limene akulu anatisiyira kalekale, lakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.