Chipolopolo Chachikasu

M'nyumba ya Reginald Mwelwa ku Woodlands munali jekete imodzi imene aliyense wochapa zovala ankaigwira mochenjera. Inali yobiriwira, yakale, yoperepeseka m'zigongono, ya matumba akuya ngati nkhokwe. Loweruka lililonse mwini wake ankaivala popita kukalabu yowombera mfuti cha ku Makeni, ndipo pobwerako inkalemera ndi zipolopolo zotsala. Mkazi wake, Julia, ankazipeza paliponse, m'beseni lochapira, pansi pa mpando wa galimoto, m'thumba limodzi ndi makiyi ndi maswiti a chifuwa.

"Bashi Kelly, izi si nshawa zoyenda nazo m'thumba," Julia ankatero, pomutchula monga bambo wa mwana wawo Kelly, akuzindandalika patebulo. "Tsiku lina zizatipweteka."

"Chipolopolo sichilila chokha," Reginald ankayankha akuseka. "Zaka twente nili mu masewela aya. Dzanja langa lizidziwa monga lilime lidziwila mano."

Pa zaka makumi awiri zija sankanama. Mkati mwa sabata anali injiniya wa mapaipi a madzi pakampani ina m'tauni, koma Loweruka anali mfumu ya bwalo. Masewerawo ndi otere: makina amaponya timbale tadothi m'mwamba, wowombera n'kumatiphwanya ndi mfuti ya chifefe, ija yolavula tizitsulo tambirimbiri nthawi imodzi. Reginald ankatiphwanya ngati akuthyola zitumbuwa. Zikho zake zinadzaza shelefu ya pabalaza, ndipo munthu wa zikho zambiri makutu ake amayamba kulemera.

Kalabuyo inali ndi lamulo lakuti wowombera aliyense azinyamula zipolopolo m'kachikwama kachikopa ka palamba, ndipo m'kachikwamamo muzikhala za mtundu umodzi wokha. Chifukwa chake ankachidziwa aliyense. Mfuti zazikulu zimadya zipolopolo zonenepa, zambiri mwa izo zofiira, pamene zazing'ono zimadya zowonda, zachikasu. Chachikasu chikalowa m'mfuti yaikulu sichiima pakhomo. Chimatsetsereka n'kukakakamira pakati pa mpope wa mfutiyo, osaonekanso. Ukaika chonenepa pambuyo pake n'kuwomba, moto umasowa potulukira. Lamulolo alendo ankalitsata, koma kwa Reginald oyang'anira ankayang'ana kumbali. Ndani akanadzudzula munthu amene anawaphunzitsa iwo omwe kugwira mfuti?

Pakalabupo mmodzi yekha ndiye sankatopa kumuuza. Anali Nicodemus Ng'andu, mnzake wa paubwana, amene anakulira naye mumsewu umodzi ku Kabwata. Nicodemus anatsala komweko. Anali ndi shopu yosoka mipando ya galimoto, ndipo manja ake ankadziwika mpaka ku Chelstone: msoko wake unkawongoka ngati wayeza ndi rula. Tizikwama tambiri ta pakalabu paja anasoka ndi iye. Ka Reginald anakasoka ndi chikopa chabwino koposa, n'kulembapo zilembo za dzina lake.

"Shani, ba Reggie? Kachikwama kaja mukavala liti?" Nicodemus anamulonjera n'kufunsa tsiku lina, Reginald atapatukira pashopupo.

"Kali bwino m'buti, ba Nico. Lamba anithina pamimba. Vija ni va ophunzila."

"Mfuti sidziwa kuti uyu ni wophunzila, uyu ni mphunzitsi."

Reginald anamusisita paphewa, nkhani n'kuikhotetsera ku mpira.

Chaka chimenecho Julia naye anayamba kupita kukalabu, ana atakula ndipo nyumba itayamba kumukulira. Mfuti yaikulu inkamupweteka phewa, choncho anamupezera yaing'ono, ya zipolopolo zachikasu. Lachitatu lina madzulo, atatha kuyeserera, Julia anapita kukasamba m'manja n'kusiya zotsala zake pabenchi. Reginald anazikokolola ndi dzanja limodzi, n'kuziponya m'thumba la jekete momwe munali kale zake zofiira. Atafika kunyumba anapisa m'thumbamo, natulutsa zachikasu ziwiri, naziika m'bokosi la mkazi wake. Anaima pang'ono. Kodi pabenchi paja panali ziwiri kapena zitatu? Kukhuthula thumba lonse patebulo inali ntchito ya mphindi imodzi. Foni inalira, a kuntchito akufunsa za paipi yophulika ku Emmasdale, ndipo jekete anaikoloweka pamsomali.

Loweruka lake kunali mpikisano waukulu wa pachaka. Munali mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi kukankha timbale uku ndi uku. Tsikulo silinali la Reginald, anaphonya tisanu n'kugwa msanga. Koma Nicodemus, amene pa zaka zonsezo anali asanagwirepo chikho, anawomba ngati wina akumulozera. Pomaliza anafanana ndi bambo wina wa ku Kabulonga, ndipo woweruza analengeza kuti awiriwo awombe timbale tina khumi kuti apezeke mwini chikho.

Nicodemus anapisa m'kachikwama kake napeza zinayi zokha. Bokosi lake linali m'galimoto, kutali kugeti.

"Nithamange nikatenge," anatero.

"Muzafika muli wefuwefu, manja ali njenjenje," anatero Reginald. "Imani pamene apo."

Anavuula dzanja lodzaza m'thumba la jekete, natsekula yekha kachikwama ka mnzake, nakhuthuliramo. Nicodemus anali atagwira mfuti, maso ali kubwalo.

"Vonse ni vikulu, ba Reggie?"

"Mufunsa ine?"

Nicodemus anaseka, osayang'ana n'komwe. Munthu amene unadya naye chimanga chokazinga muli ana sumuwerengera zipolopolo.

Timbale tisanu ndi kamodzi toyamba anatiphwanya tonse. Pa kachisanu ndi chiwiri anatsekula mfuti, dzanja linapisa m'kachikwama, maso ali komwe timbale tinkatulukira. Reginald, ataima kumbuyo kwake, anaona kanthu kachikasu kakung'anima pakati pa zala za mnzake. Kanthuko kanalowa mumpope. Nicodemus anayang'ana pansi, naona pakhomo pa mpope pali pululu. Anaganiza kuti chipolopolo chagwera muudzu, ndipo posafuna kudikiritsa anthu anatenga china, chofiira, nachiika, natseka mfuti.

Apa panali mpata, waung'ono koma wokwanira mawu amodzi. Reginald anatsekula pakamwa. Kenaka anadziuza kuti mwina linali dzuwa lowala pa mphete ya mnzakeyo. Kufuula kukanakhala kuimitsa mpikisano, kusokoneza mnzake pa tsiku lake lokhalo, ndiponso kuvomera pamaso pa kalabu yonse kuti thumba la Mwelwa ndi dzala. Anatseka pakamwa.

"Ponya," anatero Nicodemus kwa woyendetsa makina.

Kulira kwake sikunali kwa mfuti. Kunali ngati chitseko chachitsulo chamenyetsedwa m'nyumba yopanda katundu. Mpope unang'ambika pamalo penipeni pamene dzanja lamanzere limagwira. Kambale kanauluka kathunthu n'kukagwera patali. Nicodemus anakhala pansi pang'onopang'ono, atafumbata dzanja pachifuwa, akuliyang'ana ngati la munthu wina.

Reginald ndiye anamuyendetsa kupita kuchipatala, Julia ali kumbuyo atakulunga dzanjalo m'chitenje. Pamaloboti alionse ankati, "Pepani, ba Nico, pepani," ndipo Nicodemus ankangoyankha kuti, "Yendetsani chabe." Madokotala anachita zimene akanatha. Chala cha mkombaphala ndi chapakati zinapita. Chachikulu chinatsala, koma chouma ngati chikhomo.

Patatha masiku atatu akuluakulu a kalabu anakhala pansi pamodzi ndi wapolisi. Patebulo panali mpope wong'ambika uja, ndi kachidutswa ka pulasitiki yachikasu kamene anakakolokota mkati mwake. Pakalabu yonse munthu wa mfuti yaing'ono amene anabwera tsikulo anali mmodzi, ndipo maso anayamba kutembenukira kwa Julia. Reginald anaimirira.

"Mkazi wanga musamuyang'ane. Chinachoka m'thumba mwanga. Ninaika na dzanja langa, ndipo ninachiona chikulowa."

Chomalizachi palibe akanachidziwa akanapanda kuchinena. Apolisi anatenga mfuti yake, kalabu inafufuta dzina lake, ndipo iye sanatsutse kalikonse. Zikho anazitsitsa pashelefu yekha.

Kuyambira pamenepo Reginald anasanduka munthu wopepesa. Anapepesa kuchipatala, atanyamula malalanje. Anapepesa kwa mkazi wa Nicodemus, atagwada pakhonde ku Kabwata anthu oyandikana nawo akuona. Anapita ndi abusa, anapitanso ndi amalume ake. Lamulungu lina anaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kufotokoza zonse. Nicodemus sanamuvutitse. Anamukhululukira msanga, poyera, namukumbatira ndi dzanja limodzi. Mpingo unaimba, amayi ena analira, ndipo Reginald anatuluka m'tchalitchimo akumva ngati mwala wachoka pachifuwa.

Mwalawo unabwerera mu Januwale. Loweruka lina mvula ikuwaza, anapatukira pashopu paja. Pakhomo anakumana ndi dalaivala wa minibasi akutulutsa mpando wake wosamalizidwa.

"Osadandaula, ba Ng'andu," dalaivalayo ankanena, maso ali pansi. "Ni chabe kuti basi ifunika pa msewu Mande. Nizabwelanso na nchito ina."

Onse atatu ankadziwa kuti sadzabweranso. Mkati, pamene kale mipando inkasanjikizana mpaka kudenga, munali mipando iwiri. Nicodemus anabwerera pamakina ake. Kusoka chikopa kumafuna manja awiri: lamanja limawongolera, lamanzere limakoka kuti chikopa chikungike pansi pa singano. Anachipanikiza ndi tizala tiwiri totsala tija, naponda makina. Chikopa chinaterereka, msoko n'kukhota ngati njira ya woledzera. Anaima, nadula ulusi ndi mano, nayamba kumasula. Mabowo a singano pachikopapo ankaonetsa kuti aka sikanali koyamba.

Reginald anaima pakati pa shopu, mvula ikudontha m'malaya.

"Ba Nico, pepani."

Nicodemus sanakwiye. Analavula kaulusi, namuyang'ana ndi maso otopa.

"Ba Reggie, pepani wanu ninamulandila kuchipatala. Ninamulandila pakhonde, ninamulandila kuchalichi. Manje nilibe pomuika wina. Bwelani kuno, gwilani apa, mukoke. Nifuna nimalize mzele uyu."

Reginald anagwada pambali pa makina, nagwira chikopa, nakoka. Makina analira. Dzanja la mnzake linali pafupi ndi nkhope yake, ndipo kwa nthawi yoyamba analiyang'ana osathawitsa maso: khungu losalala lonyezimira pamene panali zala, ndi zipsera za ulusi wa dokotala. Msoko unatuluka wowongoka, wokongola ngati wa kale.

"Mwaona," anatero Nicodemus, akuusisita. "Mutu ukali kudziwa."

Anasoka mizere ina itatu, mvula n'kukata. Reginald anatuluka, nakhala m'galimoto osailiza. Lolemba iye adzakhala muofesi m'tauni, ndipo chikopa chija chidzafuna wokoka, Lachiwiri chimodzimodzi, mpaka zaka zonse zimene Nicodemus watsala nazo. Chikhululuko anapatsidwa chonse, chosatsalira, koma sichinamere chala ngakhale chimodzi. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, akumva makina akulira ndi kuima, kulira ndi kuima.

Anthu akale anali ataziona zotere pamene ankati pepani sapoletsa chilonda.