Lamba Wofiira ndi Nsomba Youma

"Pa nyanja yonse ino ya Cheongpyeong," adatero a Pyo Mandeok atakweza mbale ya mowa woyera wa mpunga, "palibe thabwa lomwe lidagwapo m'boti langa. Ngakhale kukandika kokha, ayi. Ine ndikaika thabwa pamphanda, limagona tulo ngati khanda kumsana kwa amake. Funsani aliyense."

Palibe adafunsa, poti aliyense padokopo adali atawamva kale mawuwa mpaka makutu kuchita zipsera. Amene ankawamva koyamba adali munthu mmodzi yekha, ndipo ndi iyeyo amene a Pyo ankamuphikira nkhaniyo: a Seok, dokotala wa mano wopuma pantchito wa ku Seoul, amene mwana wawo Taerim ankayembekezera kukwatira Darae, mwana yekhayo wa a Pyo, masamba akayamba kufiira.

Ntchito ya a Pyo idali yosangalatsa anthu a m'tauni pamadzi. Boti limakumba funde kumbuyo kwake, munthu n'kuimirira pathabwa, kutaya chingwe, n'kumatsetsereka pafundepo ngati wapenga. Akagwa amaseka, n'kupempha kuti akagwenso. Matabwawo amawanyamula pa mphanda zachitsulo za m'mbali mwa boti. Ntchitoyi a Pyo ankaidziwa, zimenezo tisawanamizire. Koma chiyambireni nkhani ya ukwatiyi mtima wawo sunkakhala m'malo. Sukulu adaisiyira panjira, doko lawo linkayandama pa migolo ya dzimbiri, ndipo sabata imeneyo adapaka utoto mbali yokhayo yoyang'ana kumsewu. A Seok atatsika m'galimoto ndi nsapato zoyera mbee, n'kuwerama mwaulemu, a Pyo adabisa manja kumbuyo chifukwa cha mafuta a injini a m'zikhadabo. Munthu akachita manyazi ndi manja ake, pakamwa ndiye pamagwira ntchito ya anthu awiri.

Tsikulo lidali lodalitsa boti latsopano. Pathebulo padali mutu wa nkhumba wowiritsa, wosankhidwa bwino, womwetulira ngati wamva uthenga wabwino. Pambali pake padali mkate wa mpunga wa nyemba zofiira, ndi nsomba youma yokulungidwa ulusi woyera, yodikira kukamangidwa pamwamba pa boti kuti maso ake osaphethirawo azithamangitsa tsoka.

Taerim adafika atanyamula chikwama chachitali chofewa, monga mmene anthu amanyamulira wodwala. Atatsegula zipi, onse adati, "Haa!" Darae adali atakana mphete. Adati kwa munthu wokhalira m'madzi mphete n'chakudya cha nsomba. Choncho mnyamatayo adathera nyengo yonse yachisanu m'chipinda chapansi cha mnzake, akusema ndi kupala thabwa ndi manja ake mpaka fumbi lidamulowa m'chifuwa. Lidali lobiriwira ngati madzi akuya, lopepuka ngati nthenga, ndipo kulimba kwake, monga matabwa onse a mtunduwu, kudali kwa chigoba cha dzira. Chakumphuno kwake adalembapo dzina la Darae. Chimenecho ndicho chidali chikole.

"Likhale m'chikwama momwemo, pansi, pakati pa mipando," adatero Darae. "Ndilikwera tikabwerako koyesa boti."

"Chikole pansi? Poponda anthu ndi mapazi?" adatero a Pyo. "Chikole amachionetsa, mwana iwe. Lipite pamphanda, Bong alione adwale."

A Bong, mwini doko loyandikana nalo, amene adakulira limodzi ndi a Pyo ndipo ankalimbirana nawo makasitomala, adali pomwepo akutafuna mkate wa eni ake.

"Ndadwala kale, amwene," adatero. "Wandidwalitsa ndi utoto wakowu. Kumbuyoku udakuthera, kapena dzimbiri ndiye fasho ya chaka chino?"

Anthu adaseka. A Seok adayang'ana pansi mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene udawalasa a Pyo kuposa kusekako.

Darae sadafune kukangana ndi bambo ake pamaso pa apongozi. Adakwera yekha m'boti, adalowetsa thabwa pamphanda yomangiriridwa ku chitsulo chopindika chodutsa pamwamba pa woyendetsa, zipsepse zake adaziloza kumwamba, kenaka adalizenga ndi lamba wa mphira wofiira, n'kumukoka mpaka adalira ngati nsambo ya gitala.

"Ameneyu asachoke, ababa. Mphanda yokha singagwire thabwa lopepuka chonchi."

"Wayamba liti kuphunzitsa bambo ako kuvala buluku?"

Mwambo udayamba. Adagwada, adawerama mpaka chipumi pansi, adathira mowa kutsogolo ndi kumbuyo kwa boti. Kenaka a Pyo adakwera ndi nsomba ija kuti akaimange pachitsulo, ndipo apa ndi pomwe zidayambira. Chitsulo cha boti latsopano n'choterera ngati sopo, ndipo ulusi adagula waufupi. Adamanga, nsomba idatsetsereka n'kugwera pampando, pha! Adamanganso, idagwanso. Nsomba ya mwayi kugwa pa tsiku lodalitsa boti si nkhani yomwe munthu angafune kuti asewere ake akaifotokoze ku Seoul.

"Yakana, amwene!" adafuula a Bong. "Ikuti ikufuna kukakhala m'boti langa!"

Mwamwayi, nthawi yomweyo wina adayamba kudula nyama, ndipo mitu yonse idatembenukira kuthebulo. A Pyo adaponya maso uku ndi uku. Dzanja lawo lidagwera pa lamba wofiira uja. Adamumasula mwakachetechete, adamangira nsomba pachitsulo nga nga nga, n'kukulunga ulusi woyera pamwamba pake kuti kufiirako kusaoneke. "Ndiikapo wina tisananyamuke," adadziuza mumtima. Ndipo lamba wina adalipodi, m'bokosi la pansi pa mpando wa pambali pa woyendetsa.

Koma tsoka silinunkha. A Bong atapukuta pakamwa n'kubwerera kwa makasitomala awo, Darae adagwira apongozi ake dzanja, adawakweza m'boti, n'kuwakhazika pampando waulemu, womwe uja wa bokosi. A Seok adakhala, adawongola buluku, adaika chipewa pabondo.

"Ababa, thabwa lili bwino?" adafunsa Darae ali kutsogolo, kumene adakhala ndi Taerim.

"Ndaliyang'ananso ndekha," adatero a Pyo. Si lonse lidali bodza: kuliyang'ana adaliyang'anadi.

Kuti atenge lamba winayo, ankangoyenera kunena kuti, "Asewere, taimirirani pang'ono." Koma a Seok akadafunsa chifukwa, Darae akadacheuka, ndipo nkhani yonse, ya ulusi waufupi ndi ya bodza lomwe lidali lisanaume pamilomo, ikadayanikidwa poyera ngati zovala zamkati pachingwe. Adaliza injini.

Chibadwire sadayendetsepo boti mmene adaliyendetsera tsiku limenelo. Munthu wodziwika ndi kung'amba madzi ankakwawa ngati wanyamula mazira m'chipewa. Diso lina kutsogolo, lina pamphanda. Thabwa likagwedera pang'ono, mtima wawo unkagwedera nalo.

"Ndidamva kuti mumauluka, asewere," adatero a Seok. "Kapena mukuopera ine? Musadandaule, manowa ndi anga omwe, sagwa."

"Boti latsopano amaliyamba ndi ulemu," adayankha a Pyo, mawu akutuluka ngati obwereka.

Pakati pa nyanja a Seok adadzuka kuti ajambule mapiri. Mpando udatsala wopanda munthu, bokosi lili apo. A Pyo adatambasula dzanja. Nthawi yomweyo Taerim adacheuka n'kumwetulira, kumwetulira kwa mnyamata wokhulupirira apongozi ake ndi mtima wonse, ndipo dzanja lija lidasintha njira n'kukakanda bondo. A Seok adakhalanso pansi.

Adazungulira kachilumba n'kubwerera. Doko litayandikira, anthu akukupiza manja, mutu wa nkhumba uli mwee pathebulo, a Pyo adaponya diso pamphanda. Thabwa lidali pomwepo. Lopanda lamba, koma pomwepo! Manyazi a ulendo wonse adasungunuka n'kusanduka chinthu china choipirapo. Ndaninso pa nyanja ino akadapita ndi kubwera ndi thabwa losamanga? Kodi limeneli si luso? Atatsala pang'ono kukocheza adachepetsa moto, adaimirira, n'kufulatira madzi kuti ayang'anizane bwino ndi asewere awo.

"Mwaona, asewere? Paja ndidakuuzani. M'boti langa lino..."

Sadaone boti la a Bong likudutsa kumbuyo kwawo, matanki atawadzaza madzi kuti lilemere, likukoka chifunde ngati khoma la nyumba, mwini wake akukupiza chipewa mosaganizira kanthu.

"Bambo, funde," adatero Taerim.

"...thabwa silifuna n'komwe lamba. Limadziwa mwini wake!"

Boti lidanyamuka chammbali, lidaima m'mwamba kamphindi, n'kugwa, phwaa! Thabwa lidasolotoka pamphanda ngati mlamba m'manja. Lidauluka bwino, tisalinyoze, Taerim adalisema mwaluso. Lidatembenuka m'malere dzuwa likuliwalitsa, kenaka lidakumana ndi mzati wachitsulo wa doko, wa mbali ija yosapaka utoto. Phokoso lake silidali lalikulu. Lidangomveka ngati munthu wathyola bisiketi. Chidutswa china chidagwera m'madzi n'kumayandama. Cha dzina chija chidatsetsereka padoko n'kukaima patsinde pa thebulo, pansi penipeni pa nkhumba yomwetulira.

Taerim ankayang'ana zikhatho zake. Darae adayang'ana mphanda yopanda kanthu, kenaka maso ake adakwera pang'onopang'ono ndi chitsulo chija. Ulusi woyera udali utamasuka ndi mphepo, ukungouluzika, ndipo pansi pake lamba adali psuu, atakumbatira nsomba youma yomwe sidasunthe ngakhale pang'ono.

"Ababa," adatero.

A Pyo adafuna kubisa manja kumbuyo, koma adapeza kuti chobisa chakula kuposa msana. A Seok nawo adakweza maso n'kuiyang'ana nsombayo nthawi yaitali. Poti adali munthu wozolowera kufunafuna chabwino choti anene ngakhale m'kamwa mowola, adatsokomola pang'ono.

"Koma nsombayi ndiye mwaimanga bwino, asewere."

Akuluakulu adaona patali pamene adati: linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.