Mutu Wolukidwa Theka pa Tsiku la Chinkhoswe

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale lomwe mafoni anali atafika kale m'manja mwa anthu, pa Nathenje panali mtsikana dzina lake Ndaziona. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira kwa azakhali ake, anaJere, pamodzi ndi mwana wawo Edesi. Atakula anapeza mwamuna, Layisoni, kalipentala wa pamsika pomwepo, ndipo tsiku la chinkhoswe linakwana.

M'mawa wa tsikulo Ndaziona anapita kukalukitsa tsitsi ku saluni ya mayi Esinati, diresi lake la chinkhoswe lili m'jumbo kuti akavalire komweko. Anasankha saluniyo chifukwa chikwangwani cha pakhomo chinkanena mtengo wotsika kuposa pena paliponse. Layisoni anamupatsa ndalama ya mtengo womwewo, osaonjezera ngakhale khobidi. Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayi Esinati anamulandira mano onse ali pamtunda. "Mkwatibwi wathu, timasule kaye lakaleli eti? Titsuke? Tiumitse ndi dulaya? Tipake mafuta onunkhira kuti apongozi akamve?" Ndaziona ankangogwedeza mutu uku akudzisirira pagalasi. Kodi alipo amene amafunsa mtengo wa madzi? Atamuluka mbali imodzi, kuchokera pakhutu kufika paliwombo, mayi aja anaika chipeso pansi n'kuyamba kupinda zala. Kumasula kunali ndi mtengo wake, kutsuka wake, dulaya wake, meshi yoonjezera wake, ngakhale kuyamba kuthandizidwa ena ali pamzere kunalinso ndi wake.

"Koma amayi, simunandiuze," anatero Ndaziona.

"Nanga inu munafunsa? Chikwangwani chija chikunena za kuluka basi. Lendi ya nyumba ino sindilipira ndi zikomo. Akwatibwi angati atuluka muno akuti abweretsa mawa, mpaka lero ana awo akuyenda? Walira mvula walira matope, achemwali. Malizani kulipira, ine ndimalize mutu." Atatero anatenga jumbo ya diresi ija n'kuitsekera m'kabati.

Ndaziona anaimbira foni Layisoni n'kuyamba kumufotokozera. Mwamunayo sanadikire n'komwe kuti amve zonse. "Mtengo munandiuza nokha, ndipo ndakupatsani wonse. Banja tisanaliyambe mwayamba kale kundidyera masuku pamutu? Amalume afika, fulumirani." Foni inadulidwa.

Anaimbira azakhali ake. AnaJere ndalama anali nayo, yomanga pamfundo ya chitenje. "Ilipo inde, koma ndi ya anyamata a zoimbira. Chinkhoswe chopanda nyimbo ndi maliro, mwanawe. Iwe konza zako kumeneko, ife alendowa tiwachedwetsa."

Ndipo anawachedwetsadi. Pachinkhoswe, monga mukudziwa, amayamba atulutsa atsikana ena atafunditsidwa zitenje. Akuchimuna amaponya ndalama kuti avundukule, mwamuna n'kukana kuti si ameneyu, mpaka mwini wake atulukire. AnaJere anatulutsa woyamba, akuchimuna anaponya, Layisoni anakana akuseka. Anatulutsa wina, kenako winanso. Dzuwa linapendeka, kuseka kunatha, matumba a amalume ake a Layisoni anauma. Anayamba kung'ung'udza kuti banja ili lasandutsa mwambo kukhala geni. Atsikana atatha, anaJere anafunditsa mwana wawo Edesi, amene tsiku limenelo, kaya mwangozi kaya bwanji, anali atalukidwa bwino kuposa mtsikana aliyense pabwalopo.

Nthawi yonseyi Ndaziona anali pabenchi ku saluni, akuonerera anzake obwera pambuyo akulukidwa n'kumapita. Anapepesa, anagwada, analira mpaka mawu anasasa. Pomaliza mayi Esinati anavomera kulandira foni yake ngati chikole n'kumubwezera diresi, koma mutu anakana kuugwira. Mtsikanayo anamanga duku n'kukwera kabaza.

Akuyandikira kwawo anamva nthungululu, mtima n'kukhala pansi poganiza kuti amuonera patali. Atatsika anaona Layisoni atagwira dzanja la Edesi. Anthu anamuuza kuti chitenje chitavundukulidwa, mwamunayo anaimirira nati, "Ndatopa kugula zitenje. Ndi ameneyu." Onse anayesa nthabwala, koma anaJere ndiwo anayamba kuimba nthungululu. Ankhoswe anali atapatsana kale tambala ndi msoti.

Ndaziona anathamangira pakati pa bwalo, duku n'kugwa. Mbali imodzi ya mutu inali ya mkwatibwi, ina ili nyankhalala ngati ya wodwala. Anthu ndi oipa, abale. Anaseka, ndipo ena anajambula.

Mawa lake aliyense anali ndi pothawira. Mayi Esinati anati iwo sanabe kanthu, anangopempha malipiro a thukuta lawo, ndipo chinthu chilichonse anayamba afunsa mwini mutu. Layisoni anati iye anapereka zonse zimene anauzidwa, ndipo mwamuna sangakhale padzuwa tsiku lonse amalume ake akukamidwa ngati ng'ombe. AnaJere anati mwana wamasiyeyo anamulera ndi iwo, alendo anawachedwetsa monga analonjezera, ndipo akanapanda kuimba nthungululu banja lonse likanachita manyazi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapepesa.

Ndaziona sanabwererenso kukatenga foni ija. Anakhala kuseri kwa nyumba n'kudzimeta yekha mpala ndi lezala, ngati mmene amametera anamfedwa. Popeza analibe kwina kopita, anapitiriza kukhala kwa azakhali ake, ndipo Layisoni akabwera kudzacheza ndi Edesi, wowapatsa madzi osamba m'manja anali iyeyo.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, gamulani. Anamulanda banja Ndaziona ndani: mayi amene anabisa mtengo mpaka mutu utafika theka, mwamuna amene anadula foni n'kuloza wina, kapena azakhali amene anaumira ndalama n'kufunditsa mwana wawo chitenje? Kapena alipo pano wolimba mtima kunena kuti anadzilanda yekha, pogwedeza mutu osafunsa?