Khonde Latsopano ndi Chipinda cha Ana

Kunali munthu wina amene analandira nyumba yakale ya matabwa. Anayamba motero a Msampha, mkulu wa mpingo wathu, Loweruka lina masana pophunzitsa mabanja. Iwo ndi munthu wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Ndikubwereza zimene ananena monga ndinazimvera.

Munthuyo anali ndi mkazi ndi ana aakazi atatu. Chikwatirane ankakhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, ndipo nsalu yopachika pachingwe ndiyo inkalekanitsa makolo ndi ana. Kenaka malume ake, amene kale ankacheka matabwa kunkhalango, anamwalira kumudzi n'kumusiyira nyumba imene anamanga ali pantchito.

Nyumbayo inamangidwa nthawi imene mkungudza unali wosasowa. Inali pamtsetse wa phiri, itakhala pa zipilala za njerwa. Kutsogolo, kumene kunayang'ana msewu, munthu ankangokwera sitepe imodzi n'kulowa. Koma kumbuyo nthaka inatsika kwambiri, moti chipinda chomaliza chinali m'mwamba kuposa msinkhu wa munthu wamkulu, ndipo kunsi kwake kunali miyala yokhayokha. Zaka zisanu ndi zinayi munalibe wogonamo. Malata a kumbuyoko anachita dzimbiri, mvula inkalowa, ndipo pamene mvula yafewetsa, chiswe chinkatsiriza.

Banjalo linapita kukaiona. Mkaziyo anayenda chipinda ndi chipinda akugwira makoma, osakhulupirira kuti khomo lililonse lili ndi chitseko chake. Ana anasankha chipinda cha kumbuyo chija chifukwa zenera lake linkaonetsa chigwa chonse. Bambo wawo anawalonjeza kuti n'chawo.

Anaitana kalipentala wina wokalamba kuti adzaikonze. Mkuluyo sanayambe ndi kukhoma. Tsiku lonse loyamba anangoyendayenda ndi nyundo, akugogoda thabwa lililonse n'kutchera khutu. Lamoyo linkayankha ndi mawu olimba, lakufa linkangoti phu. Lakufalo ankalilemba ndi khala. Atatha m'kati anatsikira kunsi kwa nyumba, ndipo anakhalako nthawi yaitali.

Atatuluka anati nyumbayo ndi yabwino kuposa maonekedwe ake. Pabalaza pankangofunika kupala ndi kupaka vanishi. Denga linkafuna malata ochepa. Koma mitanda inayi yonyamula chipinda cha kumbuyo, mitengo yochindikala imene matabwa a pansi amakhomeredwapo, inali itatha. Kunja inkaoneka yathunthu, m'kati munali fumbi. Anati popanda mitanda ina yatsopano, m'chipindamo musagone munthu.

Mwininyumba anamva. Anafunafuna mpaka anapeza mitanda inayi ya bulugamu wouma, yowongoka bwino, n'kuibweretsa pangolo. Inagona pabwalo masiku awiri. Pa masiku amenewo anthu odutsa pamsewu ankaima n'kumacheza naye, ndipo wina anamuseka kuti nyumba yopanda khonde ndi nkhokwe chabe, ngakhale uipake utoto wotani. Mawuwo anamulowa ngati munga. Anayang'ana kutsogolo kwa nyumba yake, anayang'ana mitanda ija, ndipo anaona kuti kutalika kwake n'koyenera nsanamira.

M'mawa mwake anauza kalipentala uja kuti, "Madala, mitanda ija yasintha ntchito. Ikhala nsanamira za khonde."

Mkuluyo anafunsa kuti nanga chipinda cha ana chikhala pa chiyani.

"Pa zomwe chakhalapo zaka zonsezi. Tsekani mabowo ndi utuchi, mupake penti. Ana ndi opepuka."

Apa a Msampha anaima kaye. Anavula magalasi, nabwereza mawuwo pang'onopang'ono: ana ndi opepuka. Anati munthuyu sanali chidakwa, sanali womenya mkazi, kutchalitchi sankajomba. Koma anayesa ana ake pa sikelo ya mumtima mwake, napeza kuti sakulemera ngati mawu a munthu wodutsa pamsewu.

Kalipentalayo anayesa kumubweza. Anati khonde likhoza kudikira chaka chamawa, silithawa. Anati ngati khondelo likufunika lero lomwe, ndiye chipindacho chikhomedwe ndi misomali, ana azigona pabalaza mpaka mitanda ina itapezeka. Mwininyumba anakana zonse. Pabalaza pankabwera mipando yatsopano, ndipo sankafuna kuti alendo azipeza mphasa ndi mabulangete pamenepo.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo, "mtanda wowola sufunsa zaka za amene wauponda."

"Ndinakuitanirani misomali, madala. Ulaliki timamva Lamulungu."

Mkuluyo ananyamuka. Anasonkhanitsa sowo, nyundo ndi puleni yake, anamanga panjinga, n'kumapita. Mwininyumba anapeza mmisiri wina, wa mtundu uja wosafunsa mafunso. Ameneyo anasakaniza utuchi ndi guluu, anamata mabowo, anapaka penti yobiriwira pansi pa chipinda cha ana mpaka zizindikiro za khala zija zinabisika. Kutsogolo anaimika nsanamira zinayi, anazipala, anazipaka vanishi kawiri. Khondelo linakongola ndithu. Okwera njinga ankachepetsa liwiro kuti alione, ndipo amene anaseka uja anabwera kudzagwira mwininyumba chanza.

Mkaziyo sankadziwa chilichonse, popeza masiku onsewo anali kunyumba ya lendi ija ndi ana. Iye ndi mwamuna wake anagwirizana kuti asagone m'nyumba yatsopanoyo abusa asanaipempherere. Mapemphero anaikidwa Loweruka, ndipo Lachinayi anayamba kututa katundu.

Pa katunduyo panali matumba asanu ndi limodzi a chimanga. Mkaziyo anauza onyamula kuti akawaike pakona m'chipinda cha ana, pakuti chinali chachikulu ndi chouma. Mwamuna wake atamva, anathamanga kuchokera panja n'kuwabweza ali pakhomo. Anati matumbawo apite kukhitchini. Mkazi atanena kuti kukhitchini kuli mbewa, iye anati bola mbewa.

Kuyambira pamenepo mkaziyo anayamba kumuyang'anitsitsa. Anaona kuti mwamuna wake akafuna kuyankhula ndi ana m'chipindamo, amaima pakhomo. Akafuna kupereka chinthu, amatambasula dzanja. Bedi la ana analikankhira m'kati iye ali kunja. Phazi lake silinapondemo ngakhale kamodzi.

Lachisanu m'mawa mkaziyo anatenga mpeni wa kukhitchini, anazungulira kumbuyo, natsikira pamiyala paja. Anakwera pa mwala waukulu, anatambasula dzanja, nabaya mtanda woyamba. Mpeni unalowa mpaka m'chigwiriro ngati walowa mu dzungu lophika. Fumbi linamuthira kumaso. Anabaya wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Pamwamba pake ankamva mapazi a ana ake akusewera, ndipo thabwa lililonse linkawerama akaliponda.

Anawatulutsa n'kuwatuma kukatunga madzi. Anadikira kuti mwamuna wake adye, kenaka anakhala pansi pafupi naye namuuza zimene waona. Sanakweze mawu. Anapempha kuti ana agone pabalaza, kapena kuchipinda kwa makolo monga kale.

Mwamunayo sanakane kuti ankadziwa. Anati adzakonza akakolola. Anati nyumbayo yaima zaka zonsezi osagwa, siingasankhe kugwa chaka chino. Anati sanavutike miyezi itatu kuti abwererenso kogona ndi ana m'chipinda chimodzi ngati anthu a lendi. Pomaliza anamuchenjeza kuti za m'nyumba saulula, ndipo mkazi wonyozetsa mwamuna wake pamaso pa anthu amadziphwasulira yekha banja.

"Wamva, Nankhoma? Mawa kukubwera anthu aulemu. Usandichititse manyazi."

Ankhoswe anali kutali, ndipo ana ankayenera kugona m'chipindamo mawa lake lomwelo. Mkaziyo anapemphera, koma a Msampha anati sakudziwa zimene ananena kwa Mulungu, ndipo sangapeke.

Loweruka masana anthu anafika. Panali abusa, munthu wamkulu thupi ndi wanthabwala, akulu a mpingo asanu, amayi a chigwirizano atavala yunifomu yawo, ndi anansi. Anaima pakhonde n'kumasisita nsanamira. Analowa pabalaza n'kuyamikira kuwala kwa matabwa. Mwininyumba ankamwetulira, akunena kuti zonse ndi chisomo. Anaimba nyimbo ziwiri. Abusa anawerenga mawu, anapemphera pabalazapo, ndipo atanena ameni anthu anayamba kuyang'ana kumene kunkachokera fungo la nkhuku.

Pamenepo mkaziyo anabwera kutsogolo n'kugwada.

"Abusa, ndili ndi pempho. Ana anga agona koyamba lero m'chipinda chawochawo. Ndikupempha kuti tonse tikalowemo, mukawapemphererenso momwemo."

Abusa anakondwa. Anati amayi onse akanakhala otere, ntchito yawo ikanapepuka. Ananyamuka, akulu a mpingo pambuyo pawo, amayi pambuyo pa akuluwo, onse kulowera kumbuyo kwa nyumba. Mayi wina anawaseka abusa kuti kodi khomolo akwanapo, iwo n'kuyankha kuti akakanirira, mlandu ndi wa amayi omwewo amene amawatumizira mbatata sabata iliyonse. Anthu anaseka.

Mwininyumba sanaseke. Anadzipanikiza pakati pa anthu, anawapitirira onse, naima pakhomo la chipindacho atatambasula manja. Anati m'katimo simunakonzedwe, muli zovala mbwee. Amayi aja anati nawonso ali ndi ana, palibe chachilendo chimene angaone. Anati penti sinaume. Mkulu wina anawerama, anakhudza pansi ndi chala, nati yauma gwa. Anati pabalaza paja pemphero lakwana nyumba yonse. Abusa anamugwira paphewa mwachikondi, namusuntha pang'ono, nanyamula phazi kuti alowe.

"Abusa, musaponde! Pansipo ndi powola. Mugwera pamiyala."

Abusa anabweza phazi lawo. Kuseka kunatha. Anthu onse anayang'ana kupyola mapewa a munthuyo, ndipo anaona bedi litayalidwa bwino pakati pa chipinda, mapilo atatu atandandalikidwa, ndi kachidole ka nsanza ka mwana wamng'ono katagonekedwa pamwamba.

Mkaziyo anali adakali kumbuyo kwa onse. Anafunsa ndi mawu otsika, koma aliyense anamva.

"Nanga anawa, bambo, lero agona pati?"

Abusa anatseka Baibulo lawo. Anati iwo sangadalitse pamene mwiniwake akuopa kuponda, ndipo adzabweranso tsiku limene mwininyumba adzayambe yekha kulowa m'chipindamo iwo n'kutsatira. Anthu anatuluka mmodzimmodzi kudzera pakhonde lija, ndipo palibe amene anasisitanso nsanamira.

A Msampha analekera pomwepo. Bambo wina pakati pathu anafunsa ngati munthuyo sitingamuyamikire pang'ono, popeza pomaliza ananena zoona. A Msampha anati munthuyo ananena zoona kuti apulumutse mwendo wa mlendo. Mkazi wake atamuuza za ana ake atatu, anati adzakonza akakolola. Chimanga anachiteteza, phazi lake analiteteza, abusa anawateteza. Anati timanena za chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, koma nkhuyu ilibe mlandu chifukwa sidziwa zimene zili m'kati mwake. Munthuyu ankadziwa, ndipo anagula penti.

Kenaka anatembenukira kwa tonsefe, abambo ndi amayi, ndipo mawu awo anatsika.

"Musafunse kuti munthuyo ndani. Aliyense wa inu ali ndi khonde, ndipo ndaliona, n'lokongola. Ndamva mmene mumayankhulira ndi alendo. Ndaona mbale imene mumatulutsa abusa akabwera, ndi nkhope imene mumavala pakhomo la tchalitchi. Mitengo yanu yolimba yonse mwaiimika kumsewu. Koma mawu amene simungayerekeze kuuza mlendo, mumauza mwana wanu m'mawa uliwonse. Lonjezo limene simungaphwanye kwa mnzanu wa kuntchito, mumaphwanya kwa mkazi wanu, kwa mwamuna wanu, n'kumati adzamvetsa, ndi wa m'nyumba. Mumati ndi opepuka. Mulungu amene anakupatsani anthu amenewo sanawayese choncho. Mukafika kwanu lero, musaime pakhomo. Lowani m'chipinda chimene mlendo salowamo, muime pakati ndi kulemera kwanu konse. Ngati mukuopa, zulani khondelo lero lomwe, ana asanagone."