Malita Awiri a Bambo Makiyi

Kuofesi ankawatchula a Makiyi, ndipo dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba. Chigulireni galimoto, bambowa sankaikanso makiyi m'thumba. Ankawakoleka kuchala n'kumawapukusa popereka moni, polowa m'tchalitchi, ngakhale pamaliro penipeni. Ntchito yawo inali yaukalaliki pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, malipiro ake ongokwanira kuti munthu asafe. Koma wina akawafunsa za mafuta, ankayankha mokweza kuti ndi a kutali omwe amve, amvekere galimoto yawo simwa, imangonunkhiza.

Linali bodza lamkunkhuniza. Amene anawagulitsa galimotoyo anawauza kuti lita imodzi imayenda makilomita khumi ndi awiri, ndipo iwo anawagwira mawuwo ngati lemba. Kuchoka kunyumba kukafika kuntchito anali makilomita khumi. Ndiye ankathira malita awiri, ina yopitira ina yobwerera, n'kumadabwa kuti bwanji madzulo kamuvi ka mafuta kagona kale pansi. Msewu wopita m'tauni unali umodzi wokha, wodzera pa mlatho wopapatiza, ndipo ikangokwana sikisi koloko magalimoto ankathithikana pamenepo mdipiti wake osaona kothera. Ulendo wa mphindi makumi awiri unkatha ola ndi theka. Giya wani, buleki, giya wani, buleki. A Makiyi ali m'kati, mawindo otseka, choziziritsira mpweya chikuuzira, kuti anthu othinana m'minibasi aone kusiyana kwake.

Mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, anali makaniko, ndipo ankayendera njinga yamoto. Tsiku lina atawapeza akudandaula kuti a pamalo omwetsera mafuta akuwabera, anawauza mosapita m'mbali.

"Alamu, palibe akukuberani. Galimoto simwera mtunda wokha, imamweranso nthawi. Mukaima pamlatho paja injini ikulira, ikumwa. Mukanyamuka ndi giya wani n'kuimanso, yamwa kawiri. Muzilawira msewu usanadzaze, apo ayi masiku ena muziisiya pakhomo mukwere basi."

A Makiyi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati munthu wokhalira kugona kunsi kwa magalimoto a eni, iye mwini akuyendera njinga, sangaphunzitse mwini galimoto kayendetsedwe kake. Ananena zimenezi pamaso pa akazi awo ndi ana. Makanikoyo anangopukuta manja ake n'kunyamuka, ndipo kuchokera tsikulo awiriwa ankangopatsana moni wa pamsewu.

Pamenepo thanki inapitiriza kudya nyumba. Nyama inasowa patebulo, denga la kuchipinda linangokhala lodontha, ndipo timakobidi timene mayi ankapeza posoka zovala tinkathera m'galimoto momwemo. Mayiwo ankati m'banjamo munabadwa mwana wina wa matayala anayi, wodya kuposa onse. A Makiyi ankamva, koma kukwera basi anthu atawazolowera pa chiwongolero kunali kuvula pagulu.

Mwana wawo wachisamba anali mtsikana wofatsa amene anamaliza maphunziro aunamwino zaka zitatu zapitazo. Zaka zonsezo anali pakhomo, akulemba makalata ofunsira ntchito opanda yankho, anzake akuvala yunifolomu. Kenako chipatala china cha kutsidya kwa mlatho chinamuitana ku mayeso a ntchito. Malo anali awiri okha, oitanidwa ambirimbiri, ndipo kalatayo inanena poyera kuti eyiti koloko chipata chitsekedwa. Nyumba yonse inkadziwa kuti mwayi wotere subwera kawiri.

Mtsikanayo anali atapangana kale ndi amalume ake aja kuti akamutule pa njinga. Bambo ake atamva anapsa mtima. Mwana wawo akafike pachipata tsitsi lili nyankhalala, atakhala kumbuyo kwa njinga, bambo ake ali ndi galimoto? Anthu adzati chiyani? Analamula kuti akamutula okha. Mayi anayesa kunena kuti mwezi uli pakati ndipo m'thumba mwauma, koma anawadula pakamwa.

M'mawa mwake mwanayo anali wokonzeka isanakwane sikisi, mapepala ake ali pachifuwa. Bambo ake anali panja akutsuka galimoto. Anaipukuta mpaka matayala, chifukwa sikukanakhala bwino kukaima pachipata cha chipatala ndi galimoto yafumbi. Ananyamuka hafu pasiti sikisi. Thanki inali itagona youma, choncho anapatukira pomwetsera mafuta n'kuthira malita awiri, ndalama zonse zimene anali nazo. Kuchipatalako anali makilomita khumi ndi anayi. Mwa masamu awo, mafutawo anali okwana mpaka kutsalako.

Tsiku limenelo panalibe ngozi, panalibe mvula, panalibe chachilendo chilichonse. Unali mdipiti wa masiku onse umene a Makiyi ankaudziwa bwino lomwe. Anaupeza kutali ndi mlatho, nalowamo. Seveni koloko inawapeza asanayende ndi theka lomwe la ulendo. Kanyali kochenjeza za mafuta kanali kasanazime n'komwe chithirireni, ndipo tsopano kamuvi kanatsikiratu. A Makiyi anazimitsa choziziritsira chija mwakachetechete, natenga kansalu kopukutira galasi n'kuphimba pamene panali kanyaliko.

"Ababa, mafuta alimo?"

"Alimo ambiri. Iwe ganiza za mayeso."

Posakhalitsa wina anagogoda pawindo. Anali mlamu uja, ali pa njinga yake, akudutsa pakati pa magalimoto kupita ku galaja. Anayang'ana mwana wa mlongo wake, naloza wotchi ya pamkono.

"Alamu, ndipatseni mwanayu ndikamutule. Apa simufika."

A Makiyi anadziwa kuti munthuyo akunena zoona. Anadziwa mpaka m'mafupa. Mawu amodzi okha akanakwanira, ndipo mphindi khumi mwanayo akanakhala ali pachipata. Koma pambali pawo panali minibasi yodzaza, nkhope zonse zili pa iwo, ndipo wowapemphayo anali yemwe uja anamunyoza pamaso pa ana. Kutsegula chitseko kunali kuvomera kuti wa njinga waposa wa galimoto. Anatsitsa windo pang'ono chabe.

"Pitani, tikupezani."

Dzanja la mtsikanayo linali kale pa chotsegulira chitseko. Anayang'ana bambo ake, kenako analibweza pamwendo. Makanikoyo anadikirabe pang'ono, a m'mbuyo akumuimbira mahutala, mpaka anapukusa mutu n'kupita.

Galimoto inatsokomola kawiri pakati penipeni pa mlatho, n'kuzima. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti seveni. A Makiyi anapotokola kiyi kachitatu, kachinayi, koma injini inangolira m'mero. Mwanayo anatsika, nayamba kuthamanga ndi nsapato zake zazitali, akuimitsa njinga iliyonse, koma nthawi imeneyo zonse zinali ndi anthu kale. Anafika pachipata eyiti itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Mlonda anamumvera chisoni, koma anati mndandanda wa mayina walowa kale ndipo iye alibe mphamvu yotsegula.

Kumlatho kuja a Makiyi analandira manyazi onse amene ankawathawa, ndi ena owonjezera. Anakankha galimoto okha, dzanja limodzi pa chiwongolero, malaya atanyowa ndi thukuta, madalaivala akuwatukwana kuti ngati alibe za mafuta azikwera basi ngati anzawo. Pomaliza anatulutsa foni n'kuimbira mlamu yemwe uja. Anabwera ndi kachigubu, nathira mafuta, natseka thanki. Sanawadzudzule, sanawaseke. Anangofunsa ngati mwana anafika, ndipo a Makiyi anangolowa m'galimoto n'kuliza injini.

Madzulo anamupeza mwanayo atakhala pakhonde, mapazi otupa ali m'beseni la madzi, mayi ake ali pambali maso ofiira. A Makiyi anayamba kulakatula. Anati misewu ndi yopapatiza, magalimoto achuluka, apolisi a pamsewu sagwira ntchito, ndipo mafuta a masiku ano ndi osukuluka. Palibe anawatsutsa. Bambowo atatopa, mtsikanayo anadzutsa mutu.

"Ababa, kanyali kaja ndinakaona musanakaphimbe. Ndinadziwa kuti sitifika. Ndinangokhala kuti ndisakuchititseni manyazi pamaso pa amalume."

A Makiyi analowa m'nyumba n'kukakhala pamphepete pa bedi, nsapato zili kuphazi. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti mwanayo sanalakwe kanthu. Anachita zimene iwo anamuphunzitsa, zoti nkhope ya bambo isagwe pagulu, ndipo analipira ndi ntchito imene anaidikira zaka zitatu.

Malo awiri aja anatengedwa ndi ena sabata yomweyo. Mtsikanayo anabwerera ku makalata ake, ndipo mpaka lero akulembabe. Chowawa n'chakuti wokumba una wa mbewa anali bambo, koma woferamo anali mwana. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.