Kapikapu Kokokera Kumanzere

Mwana wanga ndikamuuza kutsuka mbale iye n'kundiyankha kuti "ndichita mawa," ndimamufunsa ngati akumudziwa Zengerezu. Nanunso ana inu tcherani khutu, poti mwambi wake mumaumva koma mwini wake simumudziwa.

Dzina lake lenileni anali Lufeyo. Anali ndi kapikapu koyera konyamula anthu ndi matumba a mbatata kupita kumsika wa paboma. Tsiku lina m'dzinja anagwera m'dzenje lobisika ndi madzi. Palibe chinasweka, koma kuyambira pamenepo galimoto inayamba kukokera kumanzere. Pamsewu wowongoka chiwongolero chinkakhala chopendekeka, ndipo akangochilekerera pang'ono, galimoto inkalunjika kutchire ngati mbuzi yaona chimanga.

Mkazi wake, Nankhoma, anali woyembekezera. Za injini sankazidziwa, koma maso anali nawo. Akusesa pabwalo anaona kuti tayala lakutsogolo ladyeka mbali imodzi yokha, mbali inayo likadali latsopano.

"Bambo a Tiyese," anatero, "tayalali likutha ngati nsapato ya mwana woponda chokhota. Nsapato ikatero, vuto si nsapato, ndi phazi."

"Ndi msewu woipawu, mayi. Ndikaonetsa Loweruka."

Loweruka linadutsa, linanso linadutsa. Makaniko wa paboma, a Chikhosi, anachita kumuimitsa okha. "Achimwene, dzenje lija linapotoza miyendo. Matayala akutsogolowa sakuyang'ana kumodzi, lina likuyenda, lina likukhula msewu. Bweretsani tiwongole. Ndi alaimenti chabe, dzuwa lisanatenthe ndatha."

"Anthu akundidikira, akulu. Mawa."

M'malo mwake Lufeyo anapeza nzeru zakezake. Anthu onenepa ndi matumba olemera ankawakhazika kumanja, ati galimoto ilemere uko isiye kukoka. Amayi ena ojintcha anafika pomufunsa, "Kodi ine ndakwera ngati munthu kapena ngati mwala?" Tayala litaonetsa mawaya, analichotsa n'kuikapo sipeya. Sipeyayo inayambanso kudyeka malo omwewo, pomwe lakutha lija linali kuseri kwa nyumba, nkhuku ikuikiramo mazira. Apa m'pamene anthu anamutcha Zengerezu.

Masana ena Nankhoma anamva kuti nthawi yake yakwana. Anamukweza kutsogolo, mayi ake a Nankhoma pambali pake, ulendo wa kuchipatala cha paboma. Atatsika chitunda, denga la chipatala likuonekera patali, tayala linaphulika. Galimoto inathamangira kumanzere monga inazolowerera. Lufeyo analimbana ndi chiwongolero mpaka inaima m'mphepete mwenimweni mwa ngalande. Msewu unali zii, popanda galimoto ina.

"Mkamwini, tsitsani sipeya," anatero apongozi ake.

"Ndi yomwe yaphulikayi, amayi."

Nankhoma anakukuta mano. "Yendetsani choncho, bambo. Uyu ali m'mimbamu mawa sakulidziwa."

Anayenda pa chitsulo, kwawu, kwawu, anthu oyenda pansi n'kumawapitirira. Lufeyo thukuta lili kamukamu, osayerekeza kuyang'ana kumbali. Atafika pachipata anamwino anamulandira Nankhoma, ndipo pasanapite nthawi mwana analira m'katimo. Wamkazi, wathanzi, mayi akenso ali bwino. Lufeyo anangokhala pansi pafupi ndi tayala long'ambikalo.

Kutacha, a Chikhosi anapeza kapikapu kali pakhomo pawo iwo asanatsegule n'komwe. Katakonzedwa, chiwongolero chili chowongoka, onenepa anayamba kukhala kumene afuna.

Apongozi aja ndiwo ankati akamuona akudutsa, amvekere, "Zengerezu adalinda kwawukwawu." Mawuwo anafala mpaka lero. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chikayamba kupotoka chimachenjeza kaye, monga galimoto kukoka ndi tayala kudyeka mbali imodzi. Wokonza msanga amataya m'mawa umodzi, koma wozengereza amadzakwawa tsiku limene akufunika kuthamanga.

Ndikafika pamenepa mwana wanga sadikira kuti ndimalize. Ndimangomva mbale zija zikulira m'beseni.