Phungu Amene Anagula Chigayo

Kale, mafoni asanabwere, kudera lina la kumapiri kunali phungu wina wa Nyumba ya Malamulo. Masiku amenewo kunalibe anthu oyenda khomo ndi khomo kufunsa kuti mudzavotera ndani. Koma phunguyu ankadziwa komvera mitima ya anthu. Kunali pamtondo.

Chisankho chikayandikira, ankasiya galimoto kumsewu n'kulowa m'mudzi wapansi m'mamawa, n'kuima kuseri kwa nkhokwe. Amayi ankasinja awiriawiri, minsi ikulandizana, gu! gu! nyimbo ili pakamwa. Ana a lero simunazimve nyimbo zija, ndipo ndimakumverani chisoni. Pamsonkhano mayi ankaimba zomwe wauzidwa, koma pamtondo ankatulutsa zakukhosi. Apongozi ouma manja, mwamuna chidakwa, phungu waulesi, onse ankasinjidwira limodzi ndi chimanga. Phungu wathu uja akamva dandaulo ankakonza, ndipo ankapambana.

Chaka china nyimbo inatchula dzina lake lenileni. Inkati mlatho umene analonjeza unathera pakamwa, ndipo mnzawo wapakati anatsirizikira m'mbali mwa mtsinje wosefukira, chipatala akuchiona tsidya. Phungu anachita manyazi, kenako manyaziwo anasanduka mkwiyo.

Mkazi wake anati, "Bambo, kamangeni mlathowo. Akuimba chifukwa akadakudikirani."

Iye anati, "Mlatho uchedwa. Ndikudziwa chochita."

Anawagulira chigayo amayi a m'mudzimo. Ee, chigayo chenicheni cha dizilo! Amayi analuluta, mitondo inagonekedwa m'makonde mpaka chiswe chinaipeza. Phungu akadutsa m'mamawa ankangomva kulira kwa injini, n'kumati, "Mwaona? Palibenso wodandaula." Pamisonkhano ankamuvinira, fumbi koboo, atavala nsalu za nkhope yake.

Tsiku loponya voti anagwa chagada, mpando unapita. Nyimbo ija sinafe ayi. Amayi ankaiimba chamumtima ali pamzere wa kuchigayo, koma iye khutu anali atadzitseka yekha.

Abale anga, Mulungu anaika mtondo mwa aliyense wa ife, ndiwo chikumbumtima. Chikakuimbirani nyimbo yowawa, dziwani kuti chisomo chikadakudikirani. Koma ife timathamangira kugula chigayo: wailesi, mowa, ntchito, ngakhale makwaya ndi misonkhano ya mpingo, bola phokoso. Chikumbumtima chikakhala chete, musati mwakhululukidwa. Tsiku loweruza lidzafika ndithu. Kamangeni mlatho wanu mtondo ukadamveka.